Galimoto Imene Agogo Angakwere

Loweruka, pa 9 Novembala

Lero ndinadzuka ndi chimwemwe chachibwana. Kusanache bwino ndinali nditasita kale siketi yanga yakuda, chifukwa ndimati tsiku losankha galimoto ya banja si tsiku lovala zamakwinya. Tsopano ndikulemba izi fumbi lili m'makutu, msana ukuwawa, siketi ija ili m'beseni, ndipo galimoto sitinagule.

Ndiyambire poyambira kuti ndisadzaiwale. Adada ali ku Joni, ndipo asonkhanitsa ndalama zogulira galimoto yogwirapo kale ntchito. Chifukwa chake ndi agogo a Soko, bambo awo, amene amakhala kumudzi kupitirira Edingeni. Agogo ali ndi matenda a shuga, ndipo chilonda cha kuphazi lawo lamanzere chikukana kupola. Adokotala a pa boma ananena mosabisa kuti tizibwera nawo mwezi ndi mwezi, apo ayi phazilo lidzadulidwa. Chiyambire Ogasiti sanabwereko. Pa njinga yamoto sangathe, ndipo pa lole ya matola anthu amawaponda. Woyendetsa galimotoyo adzakhala amayi. Anaphunzira ku Mzuzu pa holide, ndipo laisensi yawo amaisunga m'Baibulo.

Galimoto zilipo ziwiri. Zonse ndi za kampani imodzi ya ku Japani, zinatuluka chaka chimodzi, ndipo mtengo wake ngofanana. Yasiliva ndi ya a Issa, amene ali ndi shopu mumsika wa pa boma. Ndi yaitali miyendo, yonyezimira, mizere ya mipando iwiri. Yabuluu ndi ya mayi Likoswe, anesi a ku Champhira amene akusamutsidwira kwawo ku Mulanje. Imeneyo tinali titangoiona pa zithunzi: yofupika, chitseko chake chokoka ngati cha minibasi, mizere ya mipando itatu. Adada akufuna yasiliva. Inenso ndimafuna yomweyo, chifukwa ndimadziona ndikutsikamo pageti la sukulu atsikana a Fomu 3 onse akuyang'ana.

Amayi anapangana ndi a Issa kuti tiyese galimoto yawo pa msewu weniweni, osati kungozungulira pa boma. Tipite kumudzi, tikatenge agogo, tibwere nawo kuti Lolemba akaonane ndi adokotala. Mafuta anali a ife.

A Issa anati tinyamuka m'mamawa. Tinaima pakhonde la shopu yawo mpaka dzuwa linatiwotcha m'khosi. Atafika, m'malo mopepesa anayamba kulongedza makatoni a sopo ndi mabelo a shuga m'buti.

"Bambo Issa, tikuyesa galimoto kapena tikutumiza katundu?" anafunsa amayi.

"Madamu, kuyesa kwake n'komweku. Galimoto yopanda katundu imanama. Tingotula pa Manyamula, n'panjira."

Kenako nkhani ya mafuta. Pa filing'i siteshoni panali mzere wa galimoto zimene eni ake anazisiya dzulo, mafuta kulibe. Tinakhotera kuseri kwa depoti kwa bambo wina wogulitsa m'zigubu. Anathira kudzera m'botolo lodula, atayala kansalu pakamwa pake kuti kasefe. Amayi ananunkhiza chigubucho ngati akugula mafuta ophikira, ngakhale ndikudziwa kuti sakanasiyanitsa kanthu.

Titachoka pa tala, ndivomereze, yasiliva inaonetsa mphamvu. Msewu wa ku Manyamula uli ngati lata, koma ife timangoyandama. Amayi anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, chibwano patsogolo. A Issa anali pambali pawo, akuyamikira galimoto yawo ngati mwana amene wakhoza mayeso.

"Mwaimva? Siikudandaula ngakhale pang'ono. Yabuluu ija pano mukanatola ekizozi m'manja."

Pa Manyamula mwini golosale anali atapita kumaliro, ndipo mkazi wake anakana kulandira katundu amuna ake palibe. Anatuma munthu pa njinga kuti akawaitane. Tinakhala pamthunzi wa khonde kudikira, ntchentche zikutizungulira. Bamboyo atabwera anayamba kaye kupereka moni kwa aliyense, kufunsa za ana, za ku boma, za mvula imene ikuchedwa. Ponyamuka ndinapeza kuti kumpando wakumbuyo ndili ndi mnzanga. A Issa anali atakweza mayi wina wa ku Engalaweni pamodzi ndi tambala wake, ndipo anali atalandira kale ndalama yake.

"Yewo chomene, mwana wane, sendera pachoko," anatero mayiyo pondipempha kuti ndisendere pang'ono, n'kundiika dengu pamiyendo. Tambalayo anandiyang'ana njira yonse, ndipo asanatsike anandisiyira chizindikiro pa siketi yosita ija.

Kupitirira Edingeni pali kanjira kolowera kwathu, ndipo pakati pake pali chigwembe chimene madzi a mvula anakumba. Ngolo zimadutsa, njinga amachita kukankha. Amayi anaima, anapuma, anaika giya yoyamba. Yasiliva inatsika, inapendekeka, inakwera, osakhudza pansi. A Issa anawomba m'manja. Ine mumtima ndinati nkhani yatha, galimoto ndi imeneyi. Tinakaima pakhomo penipeni pa agogo, ana a m'mudzi akuthamangira kudzadziyang'anira pa zitseko.

Agogo anali pampando wawo pansi pa mtengo wa mango, phazi lokulunga bandeji atalisanjika pa mtondo wogona. Atandiona anaseka.

"Wafika mkazi wanga! Wandibweretsera chiyani, kapena wapeza mwamuna wina ku boma?"

Amanditcha mkazi wawo monga agogo onse amachitira ndi adzukulu, ndipo ine ndimakhala nawo pafupi, kudya nawo mbale imodzi. Koma amayi ayi. Amayi ndi mkamwana. Kwawo ku Dedza ndi aNabanda, mphunzitsi woopedwa ndi kalasi yonse. Kuno ndi aNyaBanda, ndipo akafika pakhomo pa apongozi amagwada patali, pafupi ndi nkhokwe, maso pansi. Sakhala nawo pafupi, sadya iwo akuona, sayang'anana nawo m'maso. Akafuna kulankhulana, mawu amadzera mwa mwana. Mwanayo ndine.

Agogo anadzuka ndi ndodo yawo n'kuzungulira galimoto pang'onopang'ono. Anagogoda tayala, anasuzumira mkati.

"Njiwemi," anatero. "Yabwino ndithu. Woyendetsa ndi bambo awa?"

"Ayi agogo, ndi amayi."

Kenako anafunsa, "Nanga ine ndikhala pati?"

Ndinatsegula chitseko chakutsogolo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Phewa ndi phewa ndi mkamwana? Yayi."

Ndinatsegula chakumbuyo, kuseri kwa woyendetsa.

"Mawondo anga azigunda mpando wa mkamwana? Yayi."

Tinayesa mbali inayo. Analowa movutikira, koma phazi linasowa kolowera, chifukwa silifuna kupindidwa. A Issa anati agone chopingasa pampando wonse. Agogo anafunsa kuti ndiye aloze chiyani kumsana kwa mkamwana, mutu kapena mapazi? Ali mkati momwemo anakweza maso n'kuona kagalasi koonera kumbuyo.

"Ndipo aka kakundiyang'ana. Mkamwana akakweza maso, akumana ndi anga. Nditulutseni."

Ndinamva kutentha m'mutu. Tayenda mtunda wonsewo, galimoto yafika pakhomo, ndiye munthu akukana chifukwa cha kagalasi! Ndinakwera pachulu cha kuseri kwa khola, pamene netiweki imapezeka, n'kuimbira adada. Anali kuntchito, kumbuyo kwawo makina akulira.

"Tiwonge, uwauze akwere basi. Zimenezo n'zakale."

"Muwauze nokha, adada."

"Ndili bize, mwana wanga. Galimoto yadutsa pachigwembe? Eya, ndinanena ine. Jambula matayala unditumizire."

Nditatsika ndinapeza palibe chasintha. Amayi ali chigwadire pa nkhokwe, agogo abwerera pampando, a Issa akudya mango. Tinakhala choncho mpaka mthunzi wa mtengo unasuntha. Pomaliza a Issa anapukuta manja n'kunena kuti ayendetsa okha, agogo akhale kutsogolo mpando ataukankhira kumbuyo, amayi akhale kuseri kwa woyendetsa. Agogo anavomera. "Lero lokha," anatero.

Amayi analankhula motsitsa mawu, akuyang'ana nkhokwe. "Tiwonge, uwafunse agogo ako kuti mwezi wamawa adzayendetse ndani."

Agogo anamva bwinobwino, koma anadikira kuti ndibwereze. Ndinabwereza.

"Uwauze amama ako kuti mwezi wamawa sunafike."

Ndinawauza amayi, amene anali atamva kale.

Sitinabwerere njira ya Manyamula. Amayi anati tidzere ku Embangweni mpaka ku Jenda, kuti phazi likapume pa tala, komanso anali atalonjeza mayi Likoswe kuti tidzaona yabuluu. A Issa anang'ung'udza kuti sanaonepo munthu akunyamula kasitomala wake kupita naye kwa mnzake wopikisana naye, koma atakumbukira kuti pa Jenda tomato ndi wotchipa, anavomera.

Chigawo chimenechi ndicho chinanditopetsa kwambiri. Amayi anafunda chitenje kumutu, anapanikizika pakona, mawindo otseka chifukwa cha fumbi. Galimoto imene amati agule, anakhalamo ngati katundu. Tisanafike pa Jenda tayala lakumbuyo linaphwa. Lapadera linalipo, koma linali kanthu kowonda ngati ka wilibala, ndipo sipanala ya a Issa sinkagwira manati. Tinadikira m'mbali mwa msewu mpaka panadutsa thirakitala imene dalaivala wake anali ndi sipanala yoyenera. Nthawi yonseyo agogo anakhala pamwala mbali ino ya msewu, amayi pansi pa chitsamba mbali inayo, ine ndikuwoloka ndi botolo limodzi la madzi.

Pa Jenda agogo anayamba kunjenjemera manja, chifukwa munthu wa shuga sachedwa kudya. Ndinawagulira mbatata yowotcha ndi mazira. Amayi nawonso anali asanadye chichokere kunyumba, koma anakadyera kuseri kwa galimoto, chowerama, ngati akuba. A Issa anasowa mumsika, n'kubwera ndi madengu a tomato ndi anyezi amene anadzaza buti yonse, lina n'kundiikanso pamiyendo.

Tinafika ku Champhira dzuwa litapendeka. Mayi Likoswe anali adakali kuntchito, choncho tinadikiranso. Yabuluu inali pansi pa mtengo, nkhuku zitagona kunsi kwake. Pa zithunzi sankaonetsa mbali yakumanzere, ndipo ndinaona chifukwa chake: chitseko chinali chobonyoka, utoto utasupuka. A Issa anaizungulira akuimba mluzu, nkhope ikuseka.

Mayi Likoswe atabwera sanayambe ndi galimoto. Anaona bandeji ya agogo, imene inali itafiira ndi fumbi, mbali ina itanyowa.

"Agogo, khalani apa pakhonde. Mtsikana, tenga beseni m'khitchinimo."

Amayi anatembenuka n'kuyang'ana kumsewu, chifukwa mkamwana saona thupi la apongozi. Ine ndinagwira beseni. Aka kanali koyamba kuona chilondacho chili pamtunda. Sindifuna kulemba zonse. Ndingoti chakula kuposa chikhatho changa, m'mphepete mwake mwada, ndipo fungo lake linandifika pakhosi. Agogo anayang'ana kumwamba, akuseka kuti mkazi wawo wachita mantha. Mayi Likoswe sanaseke. Atamanga bandeji yatsopano anapita kwa amayi n'kunena motsitsa, koma ndinamva: "Lolemba lisapitirire. Ndipo asadzadumphenso mwezi."

Kenako anatsegula yabuluu. Chitseko chokoka chija chinachita kufuna kuchimenya ndi chiuno kuti chiyende. Mkati munkanunkha usipa. Anapinda mpando umodzi wa mzere wapakati n'kunena kuti ankatero akanyamula mayi woyembekezera. Agogo anasuzumira nthawi yaitali. Popanda wowauza, anapereka ndodo kwa ine, analowa chokwawa, n'kukakhala kumzere wachitatu, pakona yakumanzere. Phazi analitambasula pamwamba pa mpando wopinda uja, ndipo linakwana ngati anachita kuyeza.

"NyaSoko," anandiitana ndi chiwongo chathu, "kakhale pa chiwongolero."

Ndinakhala.

"Yang'ana pa kagalasi. Ukundiona?"

"Ndikuona chipewa chokha, agogo."

Anavula chipewa n'kuchiika pamiyendo. "Nanga tsopano?"

"Sindikukuonani."

"Iwe uzikhala mzere wapakatiwu?"

"Eya."

"Mbwenu, basi zatha," anatero. "Uwauze amama ako kuti alize injini."

A Issa sanapirire. Anagona chafufumimba pafumbi, analowetsa dzanja kunsi kwa galimoto, n'kutionetsa mpata wake ndi zala.

"Madamu, ine sindikuipitsa malonda a mnzanga, koma onani nokha. Chigwembe chija iyi siidutsa. Mvula ikagwa, ngakhale kuyandikira simudzayandikira. Mudzaisiya pamsewu waukulu ngati minibasi."

Sankanama. Ngakhale mayi Likoswe anavomereza kuti pa matope imavuta. Amayi anaima pakati pa galimoto ziwirizo, manja m'chiuno, ndipo ndinaona kuti atopa mpaka m'mafupa. Mawu anachokera kumzere wachitatu.

"Uwauze amama ako kuti ng'ombe ndili nazo, ngolo ndili nayo. Pamsewu waukulu ndizidzafika ndekha. Iwo azidzandipeza pamenepo."

Amayi anaimbira adada pomwepo, foni ataikweza mawu. Ndinali nditawatumizira kale zithunzi za chitseko chobonyoka, chifukwa anandiuza kuti ndizijambula chilichonse.

"Imeneyo ayi," anatero adada. "Anthu aziti chiyani? Soko wakhala ku Joni zaka zonsezi n'kugulira banja kaminibasi kophwanyika? Ndiponso galimoto yosafika pakhomo pa adada ndi galimoto yanji?"

"Yasiliva yafika pakhomo," anayankha amayi, "koma ikanabwerera yopanda munthu."

"Zamwambozo ndidzawalankhula ine pa Khirisimasi."

"Phazi lidikira Khirisimasi?"

"Mukukulitsa nkhani, NyaBanda. Kachilonda kameneko ndinakaona chaka chatha. Ndalama ndatuluka nazo thukuta ndine, ndipo sinditumiza za yabuluu."

Foni inaduka. Kaya ndi mayunitsi, kaya anadula okha, sindikudziwa. Amayi anaiyang'ana kanthawi, n'kuiponya m'chikwama.

Mayi Likoswe anati ali ndi zochita ku boma mawa, choncho tikhoza kupita pa yabuluu kuti amayi aiyese, iwo akagona kwa mnzawo. Anatiuzanso kuti adikira mpaka Lachitatu basi, chifukwa pali aphunzitsi ena a ku Jenda amene akuifuna. Tinanyamuka chomwecho: amayi pa chiwongolero, mayi Likoswe pambali pawo, ine pakati, agogo kumbuyo kwenikweni chipewa chili pamiyendo. A Issa ankatitsatira ndi tomato wawo pa katayala kowonda kaja.

Yabuluu si yokoma kukwera. Pa chitunda imalira ngati ikupempha chifundo, wailesi yake imangolankhula Chijapani, ndipo pa bampu ya pamphambano yolowera ku boma inakhula pansi mpaka mano anga anachita dzanzi. A Issa anatiimbira hutala kumbuyo kuti timve bwino. Koma amayi anali atachotsa chitenje kumutu. Anakhala mowongoka, akuyang'ana kagalasi nthawi iliyonse imene afuna, osaopa kukumana ndi maso a munthu.

Tikuyandikira boma, agogo anandikodola paphewa ndi ndodo.

"Uwauze amama ako kuti akuyendetsa makora chomene, bwino kwambiri."

Chibadwire sindinamvepo agogo akuyamikira amayi pa chilichonse. Ndinabwereza mokweza kuposa mmene zimafunikira. Amayi anasintha giya, anapukuta diso ndi kuseri kwa dzanja.

"Uwauze kuti yewo."

Tsopano agogo agona pabalaza, phazi lili pa pilo. Amayi adyera kukhitchini. Adada atumiza uthenga woti tiwauze a Issa asagulitse yasiliva kwa wina. Ndakwiya ndi onse: adada ndi manyazi awo a ku Joni, agogo ndi kagalasi kawo, a Issa ndi tomato wawo. Ndadziwanso kuti tikagula yabuluu, mpando wapakati ndi wanga mwezi uliwonse, ndipo ndiziphonya maphunziro a tsiku limenelo chaka cha mayeso chikubwera. Ndizikopera manotsi kwa anzanga, palibe kuchitira mwina.

Posachedwapa ndimayang'ana zithunzi zimene tatumizira adada sabata ino. Muli matayala, injini, mipando, buti, chitseko chobonyoka, ngakhale kunsi kwa galimoto. Mulibe phazi. Amayi sangalijambule, chifukwa saloledwa n'kuliona komwe. Agogo akamalankhula ndi mwana wawo pa foni amangoti ali makora. Adada akusankha galimoto ya kachilonda kamene anakaona chaka chatha.

Mawa tisanapite kutchalitchi ndine ndisinthe bandeji, monga mayi Likoswe andionetsera. Ndidzawapempha agogo kuti mkazi wawo ajambule phazilo, ndipo akakana ndidzawakakamira mpaka avomere. Ndidzatumiza chithunzicho kwa adada, pamodzi ndi china chimene ndinajambula ku Champhira, agogo ali kumzere wachitatu chipewa pamiyendo. Sindidzalembapo mawu alionse. Ndikatero ndidzakhala pafupi ndi foni.